Malo a gofu a pa Wake Forest: anamanga ndi ndani, nanga akutchetcha kapinga ndi ndani?

Funso: Mwezi wa May ndinapita ku North Carolina kumwambo wa mwana wanga womaliza maphunziro pa Wake Forest University. Potiyendetsa pasukulupo anationetsa malo aakulu ophunzirirapo gofu, okhala ndi nyumba zake zomwe, n'kutiuza kuti zambiri zinamangidwa ndi ndalama za anthu amene anaphunzira pomwepo kale. Ine ndine msungichuma wa gulu la ophunzira akale a sukulu yathu kuno kumudzi, ndipo kuti munthu asonkhe K20,000 yokha pachaka imakhala nkhondo. Anzathuwa amatha bwanji? Kodi si kuwononga kuthira ndalama zotere pa masewera a ana ochepa pomwe ena akusowa fizi? Nanga ife tingatolepo chiyani? Bambo wa ku Namiwawa, Blantyre.

Yankho: Zikomo bambo, ndipo mwanayo mumuyamikire m'malo mwathu. Malo amene munaonawo ndi Arnold Palmer Golf Complex. Ndalama zake zinayamba kusonkhanitsidwa m'mitima ya anthu kalekale, kapingayo asanadzalidwe n'komwe, choncho tiyambire kumeneko.

Arnold Palmer anafika pa Wake Forest mu 1947, sukuluyo isanasamukire ku Winston-Salem kumene munapitako, pakuti inasamuka mu 1956. Bambo ake ankasamalira bwalo la gofu ku Latrobe m'chigawo cha Pennsylvania. Mnzake wina, Bud Worsham, amene anali atapatsidwa kale malo pasukulupo, ndiye anamulankhulira kwa akuluakulu a zamasewera kuti nayenso amutenge ndi kumulipirira. Mu 1950 Worsham anamwalira pa ngozi ya galimoto. Palmer zinamukanika kukhalabe pasukulupo, anachoka n'kukalowa Coast Guard, gulu la asilikali olondera magombe a nyanja, ndipo ngakhale anadzabwererako, digiri sanaimalize. Koma sukulu sinamutaye chifukwa choti alibe pepala. Atatchuka ndi kulemera anakhazikitsa thumba lolipirira osewera gofu pokumbukira mnzake uja, anakhalako m'bungwe loyang'anira yunivesiteyo, ndipo achinyamata ngati Webb Simpson, amene anadzapambana U.S. Open, umodzi mwa mipikisano ikuluikulu ya gofu, mu 2012, anaphunzira pa ndalama za thumba la dzina la Palmer. Palinso mphunzitsi Jesse Haddock, amene anatsogolera timu ya amuna kuyambira 1960 mpaka 1992 n'kutenga chikho cha makoleji a dziko lonse la America katatu, mu 1974, 1975 ndi 1986. M'manja mwake munadutsa Lanny Wadkins, Jay Haas ndi Curtis Strange. Nyumba yaikulu ya pamalopo, Haddock House, ili ndi dzina lake, ndipo ina yophunzitsiramo ili ndi dzina la Dianne Dailey, mayi amene anaphunzitsa timu ya atsikana kwa zaka zambiri.

Taonani maina amenewa. Awiri mwa atatuwo ndi aphunzitsi, osati mabwana a ndalama. Munthu wa zaka 60 amene amalemba cheke sakulipira njerwa. Akukumbukira bambo amene anamutenga ali mnyamata wa zaka 18, kumudzudzula, kumuyendetsa pa galimoto kumipikisano, mwinanso kumupezera ntchito yoyamba. Ambiri mwa opereka anayamba ndi kulandira. Funso lanu loti amatha bwanji, theka la yankho lake ndi limeneli.

Theka linalo ndi ntchito wamba ya mu ofesi, yopanda chodabwitsa chilichonse. Yunivesite ya ku America imakhala ndi anthu olembedwa ntchito, olandira malipiro mwezi ndi mwezi, amene zawo n'kudziwa kumene ophunzira akale ali, ntchito imene akugwira, amene wagulitsa kampani, amene wabereka mwana. Amawayendera kwa zaka asanatchule za ndalama. Akafuna kumanga chinthu salengeza msanga. Amayamba mwakachetechete ndi anthu ochepa amene angapereke zochuluka, ndipo gawo lalikulu likalonjezedwa m'pamene amaitana gulu lonse kuti lidzamalize. Ndalama zambiri zimachokera kwa anthu owerengeka pa zala. Unyinji wa opereka pang'onopang'ono umabweretsa chimwemwe ndi umwini, koma suimika nyumba wokha. Lonjezo limalembedwa ndi kusainidwa, kawirikawiri loti munthu azipereka pang'onopang'ono kwa zaka ngati zisanu. Ndipo chilichonse chili ndi mtengo wa dzina: nyumba yonse, chipinda chosinthiramo zovala, malo amodzi omenyerapo mpira, ngakhale kabati imodzi yosungiramo katundu wa wosewera. Mukadayang'anitsitsa makoma mukadaona timabolodi ta maina ponseponse.

Boma nalo limathandiza m'njira yosaonekera. Mphatso yopita ku yunivesite imachotsedwa pa ndalama zimene munthu amadulidwapo msonkho. Msonkho wapamwamba wa boma lalikulu la America uli pa 37 peresenti, ndiye munthu wolemera akapereka madola 1 miliyoni akhoza kupulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Akapereka masheya amene anakwera mtengo m'malo mwa ndalama, amapewanso msonkho wa phindu la masheyawo. Mfundo iyi muisunge, tiibwerera pa funso lanu lachiwiri.

N'chifukwa chiyani gofu amafuna malo ake ake, pomwe mabwalo a gofu ali mbwee m'tauni? Nthawi ndi imene imavuta. Malamulo a NCAA, bungwe loyendetsa masewera a m'makoleji, amalola maola 20 okha pasabata a zochita zolamulidwa ndi mphunzitsi m'nyengo ya mipikisano, ndipo ana amenewa ali ndi makalasi ngati anzawo onse. Malo akakhala pasukulu pomwe, mwana amatuluka m'kalasi n'kukamenya mipira kwa mphindi 40 asanalowe kalasi ina. Pabwalo la kalabu amakhala mlendo: sangaime pa green imodzi (malo a kapinga wosalala ozungulira dzenje lolowetsamo mpira) ola lathunthu akubwereza kamenyedwe kamodzi pomwe mamembala akudikira. Kumadera ozizira, miyezi ya chisanu amamenyera m'nyumba, chitseko chachikulu chitatsegulidwa, mpira n'kumagwera panja. M'zipindazo mumakhala makamera ndi makina a radar ngati TrackMan, a kampani ya ku Denmark, amene amayeza liwiro la ndodo, kuzungulira kwa mpira ndi kumene ukagwere. Amodzi okha amafika madola 20,000 kapena kuposa. Ku yunivesite ya Stanford anafika pomanga ma green angapo osiyana kapangidwe ndi mtundu wa kapinga, kuti wosewera azolowere zimene akakumane nazo kumipikisano ya kutali.

Komanso malowa ndi nyambo. Pampikisano timu imatumiza osewera asanu ndipo amawerengera zotsatira za anayi, ndiye mwana mmodzi waluso akhoza kusintha chaka chonse. Mpaka 2025 sukulu za gulu lapamwamba zinkaloledwa kugawa ndalama zokwanira ophunzira 4.5 okha ku timu ya amuna ndi 6 ku timu ya atsikana. Popeza aliyense anali ndi malire omwewo, mpikisano wokopa ana unasamukira ku nyumba ndi kapinga. Ana okopedwawo sachokera ku America kokha. Madalitso Muthiya wa ku Zambia anasewerera University of New Mexico asanakhale munthu woyamba wa dziko lake kusewera U.S. Open mu 2006, ndipo Brendon de Jonge ndi Scott Vincent a ku Zimbabwe anadutsa pa yunivesite ya Virginia Tech.

Tsopano ndifike pamene ndikufuna mukhalitsepo monga msungichuma. Chimene munaona ndi maso, nyumba ndi chiboliboli, ndi mbali yosavuta kupezera ndalama. Aliyense amafuna dzina lake pakhoma. Palibe amene amafuna dzina lake pa bilu ya madzi.

Green ya gofu si kapinga wa panyumba. Ikamangidwa motsatira ndondomeko ya USGA, bungwe loyang'anira masewera a gofu ku America, pansi pake pamayalidwa mapaipi ochotsa madzi, pamwamba pa mapaipiwo miyala ing'onoing'ono yokwana masentimita 10, kenako mchenga wosakaniza wokwana masentimita 30, kapinga n'kubwera pamwamba. Mchenga susunga madzi kapena chakudya cha zomera, ndiye kuthirira ndi feteleza sizidumphitsidwa. Kapingayo amatchetchedwa pafupifupi tsiku lililonse m'nyengo yomera, kutalika kwake mamilimita atatu kapena kuposerapo pang'ono, ndi makina amene mipeni yake imafuna kunoledwa ndi munthu wodziwa. Kangapo pachaka amaboola timabowo tambirimbiri n'kuthiramo mchenga kuti mizu ipume. Pali matenda a kapinga ofuna mankhwala, pali pampu imene imafa, pali makompyuta amene pakatha zaka zochepa amakhala akale. Pamafunika katswiri wa kapinga ndi antchito ake chaka chonse. Mukasiya green kwa milungu yochepa m'chilimwe osaithirira, ndalama zonse zomangira zija zapita. Nkhani yake ndi ya mjigo umene wabwera ndi opereka, mwambo wotsegulira n'kuchitika ndi magule, koma osasiya komiti kapena ndalama yogulira labala ikatha.

Mayunivesite ochenjera amathana nazo popempha mphatso ziwiri nthawi imodzi: yomangira ndi yosamalira. Yachiwiriyo imaikidwa m'thumba losadyedwa, limene iwo amati endowment. Ndalamayo imaikidwa m'mabizinesi, ndipo chaka chilichonse amatapapo 4 kapena 5 peresenti yokha, yotsalayo n'kumakula kuti isagonje ndi kukwera kwa mitengo. Tichite samu yongoyerekeza. Ngati kusamalira malo kumadya madola 200,000 pachaka, thumba loti lizitulutsa ndalamayo mpaka kalekale liyenera kukhala ndi madola 4 kapena 5 miliyoni. Nthawi zina ndalama imeneyi imafanana ndi mtengo womangira malowo. Woyang'anira zamasewera amene wavomera nyumba popanda thumba lachiwirili wangolandira ngongole yokutidwa bwino, ndipo adzailipira pochotsa ndalama ku masewera ena kapena ku fizi ya ana.

Ngakhale thumba likhalepo, kumene mwaliika n'kofunikanso. Oklahoma State University ndi chitsanzo cha mbali zonse ziwiri. Mphunzitsi wawo wa gofu, Mike Holder, anayenda yekha kupempha ndalama mpaka bwalo la Karsten Creek linatsegulidwa ku Stillwater mu 1994, lotchedwa dzina la Karsten Solheim amene anayambitsa kampani ya ndodo za gofu ya PING. Pabwalo lomwelo timu yawo inatenga chikho cha dziko mu 2018, Viktor Hovland ndi Matthew Wolff ali m'timumo. Luso lopempha lija linamukweza Holder kukhala mkulu wa zamasewera onse mu 2005, ndipo kumayambiriro kwa 2006 kunalengezedwa kuti mnzake T. Boone Pickens, mkulu wa bizinesi ya mafuta amene anamaliza maphunziro pasukulupo mu 1951, wapereka madola 165 miliyoni. Ndalamazo anaziika mu kampani ya Pickens yemweyo, BP Capital, kuti ziswane. Zinaswanadi kwa kanthawi, koma chuma chitagwa mu 2008 gawo lalikulu linasungunuka, ndipo zomanga zina zimene zinalonjezedwa zinaima kwa zaka. Palibe amene anaba. Anangoika chuma chonse pamalo amodzi, pamalo a woperekayo, ndipo ndi anthu ochepa amene angauze munthu amene wangowapatsa madola 165 miliyoni kuti ayi bwana, tikasunga kwina.

Dartmouth College inaonetsa mathero ena. Ndi sukulu yolemera, ya thumba la madola mabiliyoni angapo, koma mu July 2020, nthawi ya Covid, inathetsa matimu asanu kuphatikizapo gofu wa amuna ndi wa atsikana, n'kutseka bwalo lake la Hanover Country Club, limene linayamba mu 1899, chifukwa linkadya ndalama zoposa zimene linkabweretsa. Matimuwo anabwezeretsedwa mu January 2021 atsikana ataopseza kukasuma pogwiritsa ntchito Title IX, lamulo la 1972 loletsa tsankho pakati pa amuna ndi akazi m'sukulu zolandira ndalama za boma. Koma bwalolo silinatsegulidwenso. Lamulo lomweli ndi limene limachititsa kuti wopereka asangomangira anyamata okha. Sukulu ikalandira mphatsoyo, udindo woonetsetsa kuti atsikana apeza zofanana umakhala wake. Pa Wake Forest atsikana sali ongoperekeza ayi: Jennifer Kupcho anapambana mpikisano woyamba wa Augusta National Women's Amateur mu 2019, ndipo timu yawo inatenga chikho cha dziko mu 2023.

Nanga ndi kuwononga? Apa sindikupatsani yankho lokoma mbali imodzi. Anthu a m'maofesi opempha ndalama adzakuuzani kuti ndalamayo siikanapita ku fizi ngakhale gofu kukanapanda kukhalako, ndipo nthawi zambiri amanena zoona. Mphatso imabwera ndi chingwe. Wopereka akalemba kuti ndi ya gofu, sukulu ikaigwiritsa ntchito ina ikhoza kutengeredwa kukhoti. Adzakuuzaninso kuti munthu amene walowera pakhomo la masewera nthawi zina amadzapereka ku maphunziro, monga Pickens amene anaperekanso ndalama zambiri ku mbali ya maphunziro pa Oklahoma State. Zimenezo n'zoona.

Komabe kudandaula kwanu kuli ndi maziko. Matimu awiri a gofu pamodzi safika ngakhale ana 25, ndipo malamulo atsopano a 2025 akuika malire a osewera 9 pa timu m'sukulu zimene zawavomera. Malo a madola mamiliyoni akutumikira kagulu kochepa chotere, ambiri mwa iwo ochokera m'mabanja amene anakwanitsa kale kulipira aphunzitsi ndi maulendo a mipikisano ali ana. Ndipo paja tinati gawo lina la mphatsoyo ndi msonkho umene boma lausiya, kutanthauza kuti nayenso woyendetsa basi ku Winston-Salem wasonkhako osafunsidwa. Mpikisano wa nyumbawu ulibenso pothera: sukulu ina ikamanga, oyandikana nayo amaona ngati zawo zakalamba. Ine ndikaika pa sikelo, thumba la Palmer lolipirira ana ndimaliona lolemera kuposa nyumba iliyonse ya pamalopo, chifukwa linasintha amene angalowe pakhomo. N'chimodzimodzi zimene anachita Stephen Curry, wosewera basketball, mu 2019 polonjeza kulipirira matimu a gofu a Howard University kwa zaka 6. Howard ndi sukulu ya mbiri ya anthu akuda, ndipo Curry sanaphunzireko n'komwe. Iye anayamba ndi ana ndi mphunzitsi, osati makoma.

Za gulu lanu tsono. Sindikuganiza kuti mukufuna kumanga bwalo la gofu, ngakhale Kamuzu Academy ku Mtunthama ili nalo lake. Koma kaya ndi laibulale, labotale kapena hositelo ya atsikana, samu yake ndi yomweyo. Musanatchule mtengo womangira kwa mamembala, werengani mtengo wosamalira chinthucho chaka chimodzi: magetsi, mlonda, penti, mababu, munthu wokonza makompyuta. Kenako funsani mphunzitsi wamkulu, pamaso pa komiti, kuti ndalama imeneyo izichokera kuti, ndipo yankho lilembedwe. Likasowa, chepetsani chomangacho mpaka chifike pa msinkhu umene sukulu ingachisamale. Mabwalo ena a gofu m'madera ouma a ku Africa kuno alibe green ya kapinga, ali ndi ya mchenga wosalazidwa, ndipo anthu akuseweraponso mpaka lero chifukwa anamanga chimene akanatha kuchisunga.

Thumba losadyedwa la mtundu wa ku America ndi lovuta kwathu, ndisakunamizeni. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Lonjezo la zaka zisanu la makwacha limafika kumapeto litafota, pomwe simenti, malata ndi zipangizo zochokera kunja zakwera. Choncho malonjezo anu akhale a nthawi yaifupi, ntchito igawidwe m'zigawo zoti chilichonse chikatha chiyambe kugwira ntchito pachokha, ndipo mamembala a ku Johannesburg, ku Britain ndi ku America muwapemphe kuti alonjeze m'ndalama za kumene ali. Ya chisamaliro mukhoza kuipeza m'njira ina, monga kalasi ya chaka chakutichakuti kutenga udindo wa bilu ya magetsi kwa zaka zitatu, kenako kalasi ina n'kulandira.

Pa nkhani ya K20,000 imene ikuvuta ija, ndikukayika ngati vuto ndi umphawi wokha, pakuti anthu omwewo pamaliro ndi paukwati amasonkha mosanyinyirika. Kumeneko amadziwa amene akumuthandiza ndipo amaona ndi maso kumene ndalama yapita. Chopereka cha pachaka chopita ku akaunti ya gulu chilibe nkhope. Yesani kutchula chinthu chimodzi chooneka, chokhala ndi mtengo ndi tsiku lomalizira, ndipo muchipatse dzina la mphunzitsi amene mibadwo ingapo ya ophunzira imamukumbukira, makamaka ngati akadali moyo kuti adzadule riboni yekha. Musanalembe uthenga pa gulu la WhatsApp, pitani nokha kwa anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi amene mukudziwa kuti angathe, mukhale nawo pansi mmodzimmodzi, muwaonetse mapepala a mtengo. Mukadzalengeza kwa onse theka likhale litapezeka kale.

Ndipo aliyense wopereka zochuluka asaine nanu pepala, ngakhale la tsamba limodzi, lonena kuti ndalamayo ndi ya chiyani, idzaperekedwa liti, dzina lidzakhala pakhoma kwa zaka zingati, ndi chimene chidzachitike ntchitoyo ikalephereka kapena sukulu ikasintha zolinga. Mulembemonso kuti kupereka sikupatsa munthu mphamvu yosankha kontilakita kapena yolowetsa mwana wa mlongo wake pasukulupo. Akaunti ikhale ndi osainira atatu, wopereka wamkulu asakhale mmodzi wa iwo, ndipo lipoti la ndalama zolowa ndi zotuluka lizipita kwa mamembala onse miyezi itatu iliyonse, limodzi ndi zithunzi za malisiti.